Brunello si wakale monga amanenera

Ogulitsa vinyo wa ku Italy amakonda kunena kuti Brunello di Montalcino ndi chakumwa cha makolo, chimene anthu a m'chigawo cha Tuscany akhala akufulula kuyambira kalekale. Zolembedwa sizikuvomereza. Kwa zaka mazanamazana tauni ya Montalcino, imene ili paphiri kumwera kwa Siena, inkatchuka ndi vinyo woyera wotsekemera wotchedwa Moscadello.

Chakale ndi mphesa yakeyo, ya mtundu wa Sangiovese, imene imalimidwa kwambiri kuposa ina iliyonse ku Italy. Alimi a ku Montalcino ankaitcha Brunello poganiza kuti ndi mtundu wawokha, mpaka mu 1879 pamene akatswiri a ku Siena anatsimikiza kuti ndi imodzimodzi.

Vinyo wofiira amene akutchuka leroyu anayambira pa esiteti ya Il Greppo. Kumeneko Ferruccio Biondi Santi ankafulula mphesayi payokha osasakaniza ndi ina, n'kumasunga vinyoyo zaka zingapo m'migolo ikuluikulu yamatabwa. Wa 1888 ndi 1891 ndiye amakumbukiridwa. Komabe otengera chitsanzo chake anali owerengeka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 opanga Brunello anali 11 okha, ndipo dera lonselo linali pa umphawi. Alimi okhala pamalo a eni, amene ankapereka theka la zokolola monga mtengo wa munda, ankasiya makasu n'kupita kukafuna ntchito m'mizinda.

Zinthu zinatembenuka boma litakhazikitsa malamulo a vinyoyu mu 1966, kenako mu 1980 n'kumuika m'gulu lapamwamba kwambiri la DOCG. Lamulo lake ndi lokhwima: Sangiovese yokhayokha, zaka zosachepera ziwiri mumgolo, ndipo botolo lisatuluke pamsika isanafike Januwale wa chaka chachisanu chikololereni. Mitengo inakwera, ndalama zochokera kutali zinakhamukira kumeneko, ndipo opanga anachuluka mpaka kupitirira 200.

Vuto linabadwira m'chuma chomwecho. Sangiovese ndi mphesa yovuta: imapsa mochedwa, imasankha nthaka, ndipo vinyo wake amakhala wofiira mowala, wowawasa ndi wokhakhala pakamwa akadali wamng'ono. Koma msika wa m'ma 1990, makamaka wa ku America, unkafuna vinyo wakuda bii, wolemera, wotsetsereka pakhosi. Mipesa inadzalidwa ngakhale m'malo otsika amene akale ankawalambalala. Munda wotero ukapereka vinyo wosakhutiritsa, njira yachidule imadziwika kwa wofulula aliyense.

Mu 2008 zinaululika. Ofufuza milandu anatsekera vinyo wa chaka cha 2003 m'maesiteti angapo, ena mwa iwo akuluakulu, powaganizira kuti anathiramo mphesa zoletsedwa monga Merlot kuti mtundu ude ndipo kukoma kufewe. Nkhaniyi inafalikira ponseponse mu Epulo, nthawi ya chionetsero chachikulu cha vinyo ku Verona, ogula a maiko onse ali pomwepo. Munalibe poizoni m'mabotolomo, palibe amene anadwala. Koma munthu wolipira mtengo wa Brunello anali ndi ufulu womwa Brunello. Boma la America linalamula kuti vinyoyu asalowe m'dzikomo popanda chikalata cha boma la Italy chotsimikiza zimene zili m'botolo, ndipo vinyo wambiri anatsitsidwa giredi n'kugulitsidwa pa maina otchipa. Amene ndimawamvera chisoni ndi eni minda ing'onoing'ono, amene anasenza manyazi a mlandu umene sanapalamule.

Ena anati mankhwala ake n'kufewetsa lamulo, kuloleza mphesa zina pang'ono chabe. Zikanatero ndiye kuti chinyengo chija chikanangosanduka chololedwa. Mu Okutobala chaka chomwecho opanga vinyowa anaponya voti, ndipo oposa 90 pa 100 alionse anasankha kukhalabe ndi Sangiovese yokha. Mu 2011 maganizo omwewo anabweranso, ulendo uno pa vinyo wotsikirapo mtengo wa Rosso di Montalcino, ndipo anawakananso.