Kuchokera ku Huber kufika ku Hoover: mzera wa banja lochokera ku Switzerland

Herbert Hoover, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la America kuyambira mu 1929 mpaka mu 1933, anali ndi dzina lomveka ngati la Chingerezi, koma makolo ake a kuchimuna sanali Angerezi. Dzina lawo lenileni linali Huber, ndipo kwawo kunali ku Oberkulm, mudzi wa anthu olankhula Chijeremani m'dziko la Switzerland. Mbiri ya banjali, lomwe linaoloka nyanja ya Atlantic pamene America anali m'manja mwa atsamunda a ku Britain, imaphunzitsa mfundo yaikulu pa ntchito yolondola mzera wa makolo: kufanana kwa maina si umboni wa chibale, ndipo m'badwo uliwonse uyenera kulumikizidwa ku unzake ndi chikalata.

Chiyambi cha banjali ku Ulaya

Lero mudzi wa Oberkulm uli m'chigawo cha Aargau, koma mpaka mu 1798 unkalamulidwa ndi mzinda wa Bern. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1600, Jonas Huber, wa m'banja la oomba nsalu, anachoka m'mudzimo nakakhazikika ku Ellerstadt, m'dera la Palatinate ku Germany. Sanali yekha pa msamuko wotere. Nkhondo ya zaka 30, yomwe inamenyedwa kuyambira mu 1618 mpaka mu 1648, inapululutsa anthu ambiri m'deralo, ndipo asilikali a France analiwononganso mu 1689. Minda inatsala yopanda oilima, choncho anthu a ku Switzerland, kumene malo anali ochepa, anapita kukadzaza mabwinjawo.

Ku Ellerstadt n'kumene mwana wa Jonas, Andreas Huber, anabadwira mu 1723. Apa pali msampha woyamba kwa wofufuza. Mabanja ambiri amene ku America ankawerengedwa ngati Ajeremani anali atangokhala m'badwo umodzi kapena iwiri ku Germany, pamene mizu yawo inali ku Switzerland. Wongodalira buku la ubatizo la ku Germany amaimira pakatikati pa njira.

Ulendo wa mu 1738

Anthu a ku Palatinate ankatsika ndi mtsinje wa Rhine mpaka pa doko la Rotterdam ku Holland. Kuchoka pamenepo sitima zinkaima kaye pa doko lina la ku England, monga Cowes, zisanayambe ulendo wa milungu yambiri wopita ku Philadelphia. Matenda ndi njala zinkapha ambiri panyanja, ndipo osauka ankalipira ulendowo pogwira ntchito zaka zingapo kwa munthu amene wawalipirira ngongole ya sitima.

Andreas anafika ku Philadelphia mu Seputembala 1738 pa sitima yotchedwa Two Sisters, ali ndi zaka 15. Kufika kwake kumadziwika chifukwa cha lamulo la mu 1727, pamene akuluakulu a Pennsylvania anada nkhawa ndi kuchuluka kwa alendo osalankhula Chingerezi. Iwo analamula kuti oyendetsa sitima azipereka mndandanda wa anthu amene awabweretsa, ndiponso kuti amuna a zaka 16 kupita m'tsogolo azilumbira kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu ya Britain. Mindandandayi inasindikizidwa mu 1934 m'buku la Pennsylvania German Pioneers, lokonzedwa ndi Ralph Strassburger ndi William Hinke. Komabe mindandanda yambiri ilibe maina a amayi ndi ana, ndipo kawirikawiri sitchula mudzi umene munthu wachokera.

Mmene dzina linasinthira

Alembi a boma la atsamunda anali olankhula Chingerezi, ndipo ankalemba dzina monga momwe alimvera. M'kamwa mwa anthu a ku Palatinate, chilembo cha b cha pakati pa mawu chinkamveka pafupifupi ngati v, motero Andreas Huber anasanduka Andrew Hoover. Mabanja enanso anaona zomwezo: a Joder anakhala a Yoder, a Schneider anakhala a Snyder, ndipo a Zimmermann ena anangomasulira dzina lawo nakhala a Carpenter, poti maina onsewa amatanthauza kalipentala.

Dzina la Huber ndi lofala kwambiri ku Switzerland, ku Austria ndi kumwera kwa Germany, ndipo a Huber ambiri osakhala pachibale anafika ku Pennsylvania m'zaka zomwezo. N'chifukwa chake si Hoover aliyense amene ali wa mbumba ya Andreas. Vuto lina ndi lakuti ana aamuna a m'nyumba imodzi ankatha kubatizidwa onse ndi dzina loyamba la Johann, koma n'kumaitanidwa ndi lachiwiri. Wofufuza wosadziwa mwambowu amasandutsa abale awiri kukhala munthu mmodzi.

Mibadwo isanu ya msamuko

Andrew Hoover anakwatira Margaretha Pfautz, dzina lomwe nalonso linasanduka Fouts. Banjali linakhala ku Maryland, kenako linalowera kumwera mpaka ku North Carolina, kufupi ndi mtsinje wa Uwharrie, kumene linali ndi munda ndi chigayo choyendera madzi. Mwana wawo John Hoover anasamukira ku Ohio kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kuyambira m'badwo wake banjali linali la mpingo wa Quaker. Mamembala ambiri a mpingowu ankachoka kumwera nthawi imeneyo chifukwa chodana ndi ukapolo.

John anabereka Jesse, Jesse anabereka Eli, ndipo mu 1854 banjali linafika ku West Branch m'chigawo cha Iowa. Mwana wa Eli, Jesse Clark Hoover, anali wosula zitsulo. Iye anakwatira Hulda Minthorn, wobadwira ku Ontario m'dziko la Canada, ndipo pa 10 Ogasiti 1874 anabereka Herbert. Bambowo anamwalira mu 1880, mayi anatsatira mu 1884, ndipo Herbert anakula ali wamasiye m'manja mwa achibale.

Zikalata zimene zimalumikiza mzera

Ofufuza amayambira pa munthu wodziwika n'kumabwerera m'mbuyo, m'badwo umodzi pa nthawi. Ku Ulaya amadalira mabuku a mipingo a ubatizo, ukwati ndi maliro, olembedwa pamanja m'zilembo zakale za Chijeremani zomwe zimafuna kuziphunzira mwapadera. Ku Switzerland kulinso mwambo wakuti banja lililonse limakhala ndi mudzi wa makolo umene limalembedwako ngakhale litasamuka, ndipo zimenezi zimathandiza kupeza gwero la dzina.

Ku America umboni waukulu uli m'zikalata za malo, m'kaundula wa msonkho ndi m'zikalata zogawira chuma cha masiye, poti zimatchula mkazi ndi ana a womwalirayo. Mpingo wa Quaker nawo unkalemba mosamala za kubadwa, maukwati ndi makalata osamukira. Kalembera wa dziko sathandiza kwenikweni pa mibadwo yoyambirira, chifukwa woyamba anachitika mu 1790 ndipo ankalemba dzina la mutu wa banja wokha mpaka mu 1850.

Malire a maboma nawo ankasintha. Boma la Randolph ku North Carolina, kumene kunali munda wa a Hoover, linakhazikitsidwa mu 1779 kuchokera ku boma la Guilford, lomwenso linapangidwa mu 1771 kuchokera ku Rowan ndi Orange. Choncho zikalata za munda umodzi zikhoza kupezeka m'maofesi a maboma atatu. Masiku nawo amafuna kusamala, popeza Britain ndi maiko amene ankawalamulira anasintha kalendala mu 1752.

Masiku ano kuyeza DNA ya amuna a dzina limodzi kumathandiza kusiyanitsa a Hoover apachibale ndi ongofanana dzina. Koma kuyezako kumangosonyeza kuti anthu awiri ali ndi kholo limodzi. Dzina la khololo, mudzi wake ndi chaka chimene anabadwa zimapezekabe m'mabuku akale a mipingo ndi a boma.