Wochi ya M'thumba ya Machona ndi Mtengo Wace

Abale ndi alongo a m'bungwe lathu, kawiri-kawiri potsegula bokosi la mkuru amene watisiya kuno ku Joni, timapezamo wochi ya m'thumba yokulunga m'kansaru. Pomwepo pamabuka mkangano. Ena amati tiigulitse ndarama zithandize maliro, ena amati ndi golidi weni-weni, ipite kumudzi. Cifukwa cace tafuna kulongosola mbiri ya mawochi amenewa, kuti mai wamasiye asanyengedwe.

Makolo athu amene anadza ndi Wenela kudzagwira nchito m'migodi anali kuyesa wochi cizindikiro ca munthu amene wakhetsa thukuta. Ambiri anali kugula Zobo, ya kampani ya Westclox. Mtundu uwu wa mawochi ochipa unachuka ku America mu 1896, pamene kampani ya Ingersoll inayamba kugulitsa wochi pa dola imodzi. Anapangidwa ocuruka zedi, ndipo kwa wogula mtengo wace ndi wocepa.

Ena mwa akuru athu anali ndi Waltham kapena Elgin, a ku America komweko. Waltham inaleka kupanga mawochi kumeneko mu 1957, Elgin mu 1968. Pa mawochi awa timatsegula kumbuyo ndi kuwerenga nambala yolembedwa pa makina, osati ya pa cibvundikiro ai, pakuti ya pa makina ndiyo imaulula caka. Timaonanso cilembo ca timiyala tocepetsa kutha kwa zitsulo: wochi ya timiyala 15 kapena 17 imapambana ya 7.

Pa cibvundikiro ndipo pamene ambiri apusitsidwa. Siliva wa ku England ali ndi cidindo ca mkango, ndipo nangula amasonyeza kuti anayesedwa ku Birmingham. Koma mau akuti "gold filled" atanthauza mkuwa wokutidwa ndi golidi wopyapyala. Paja akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tipempha cotere. Wochi ya womwalira isapukutidwe ndi mankhwala kapena kupatsidwa mphepo mokakamiza. Mamembala awiri aionetse kwa amisiri awiri osiyana, mitengo yonse ilembedwe m'buku la bungwe, ndipo mau otsiriza akhale a banja. Ikapezeka kuti ndi Zobo cabe, ife tiona kuti nkwabwino kuitumiza kumudzi, pakuti ndarama zace sizingagule ngakhale bokosi la maliro, koma ana adzasunga cinthu cimene cinali kudzutsa atate wao kupita ku nchito.