Msonkho wa Nyumba ndi Muyeso Wolungama

Ife a ku Kasina, kuno ku mapiri a Dedza, ambiri tili ndi ana amene anamanga nyumba m'tauni. Akabwera kudzacheza timaŵamva akudandaula kuti oyesa nyumba anaika mtengo wokwera pa kanyumba kakang'ono, pamene mwini chinyumba cha mpanda akukhoma zochepa. Madandaulo otere sanayambe lero. Makolo athu anaŵadziŵa.

Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lino mu 1891 anakhazikitsa msonkho, ndipo pofika 1894 nyumba iliyonse inkakhoma masheleni 3 pa chaka. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 lamulo linasintha: wogwira ntchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankakhoma masheleni 3, koma wolima munda wake ankakhoma 6. Nyumba zofanana, udzu womwewo, msonkho wosiyana. Cholinga chake chinali kukankhira amuna ku minda ya Azungu.

Okhometsa msonkho ankaŵerenga madenga osayang'ana okhala m'katimo. Wolephera kukhoma ankamtenthera nyumba, nthaŵi zina ankagwira mkazi wake kufikira ndalama itapezeka. Inkosi Gomani Chikuse ya Angoni a kwa Maseko, imene sinafune kugonjera ulamuliro umenewu, inaphedwa mu 1896. Msonkhowu unalinso pakati pa madandaulo amene anautsa nkhondo ya John Chilembwe mu 1915.

Choŵaŵa chachikulu chinali chakuti mmphaŵi analibe bwalo lokadandaulako. Lero zinthu zinasintha. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limati mitengo ya nyumba za m'mizinda ilembedwe m'kaundula, ndipo mwini nyumba amene sakukhutira ali ndi ufulu wotsutsa. Tiŵauze ana athu kuti asangong'ung'udza pa khonde: akaone kaundulayo, alembe dandaulo lawo nthaŵi isanathe, athandizenso amasiye ndi okalamba osadziŵa kulemba.

Mpingo sutiphunzitsa kuzemba msonkho, pakuti misewu ndi misika zimafuna ndalama. Koma Yohane Mbatizi anachenjeza okhometsa msonkho kuti asapitirire muyeso, ndipo Zakeyo atalandira Ambuye analonjeza kubweza kanayi zimene analanda. Pakati pa oyesa nyumba lero pali ana athu omwe, obatizidwa m'matchalitchi athu. Iwonso akumbukire agogo awo amene anagona panja nyumba itapsa.