Kuswa ndi kusema miyala ndi zida zapamudzi

Minda yambiri ya m'madera a mapiri, monga Dedza, Ntcheu ndi Neno, ili ndi miyala yomwe imathyola makasu ndi kuchepetsa malo olima. Miyala yomweyo ingakuthandizeni kutchinga nthaka kuti isakokoloke, kukwirira zigwembe, kumanga maziko a khola ngakhalenso kupanga mphero. Simufunika makina kapena mabomba oswera miyala. Chachikulu ndi kudziwa kuti mwala uliwonse uli ndi pomwe umafooka. Mukapapeza, umang'ambika ndi mphamvu zochepa. Mukangoumenya chisawawa, mumatha mphamvu, kuononga zida ndi kudzivulaza.

Luso limeneli ndi lakalekale. Makoma a Great Zimbabwe, pafupi ndi Masvingo, anamangidwa kuyambira cha m'ma 1100 mpaka m'ma 1400 ndi miyala ya granite yongosanja popanda dothi kapena simenti. Khoma lalikulu la pamalopo ndi lozungulira mamita pafupifupi 250 ndipo pena limafika mamita 10 kupita m'mwamba. Amisiri ake ankatenga miyala yomwe imasendeka pamatanthwe, ndipo ankagwiritsanso ntchito moto kuti isendeke msanga. Njira zomwezi zikugwirabe ntchito lero.

Yambani mwaudziwa mwalawo

Musanatenge nyundo, chotsani dothi ndi udzu mozungulira mwala, muutsuke ndi madzi pang'ono, ndipo muuyang'anitsitse.

- Funani ming'alu ndi mizere. Mwala wokhala ndi mizere yoyera ndi yakuda umang'ambika mosavuta motsata mizereyo, ngati momwe nkhuni imawazikira motsata utali wake.
- Ugogodeni ndi nyundo. Mwala wolimba umalira momveka ngati chitsulo. Wolira mogonthera uli ndi mng'alu m'kati kapena ndi wofumbwa.
- Thanthwe la granite limasendeka m'magawo ngati anyezi. Pogogoda pamveka ngati ng'oma ndiye kuti gawo lapamwamba latalikana kale ndi lapansi. Yambirani pamenepo.
- Mwala womwe ukunyenyeka mukaukanda ndi msomali si woyenera maziko kapena mphero, koma ungagwire ntchito yodzazira pakati pa khoma.

Zida zofunika

1. Nyundo yaikulu ya makilogalamu 4 mpaka 6, yoswera.
2. Nyundo yaing'ono ya kilogalamu imodzi kapena awiri, yomenyera tchizulo.
3. Tchizulo ziwiri: yansonga yoboolera ndi kugoba, ndi yapakamwa potambalala yodulira ndi kusalaza.
4. Zitsulo zong'ambira zisanu kapena kuposerapo. Izi ndi zitsulo zazifupi, zokhuthala kumutu ndi zopyapyala kunsonga ngati nkhwangwa.
5. Chitsulo chachitali chotukulira miyala, piki, fosholo ndi wilibala.
6. Magalasi otchinga maso, magolovesi, nsapato zolimba ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno.

Amisiri osula zitsulo amatha kupanga tchizulo ndi zong'ambira kuchokera ku masipuling'i akale a galimoto. Gulu la alimi lingasonkherane ndi kugula zida zimodzi, n'kumabwerekana. Mutu wa tchizulo ukaphwanyika n'kutambasuka ngati bowa, kaunoletseni musanaugwiritsenso ntchito, chifukwa tizidutswa take timathetheka ndi kulasa maso. Onaninso kuti mpini wa nyundo ndi wolimba tsiku lililonse musanayambe.

Njira yoyamba: moto

Moto umatenthetsa ndi kufufumitsa kunja kwa mwala pamene m'kati mukadali mozizira. Kukokana kumeneku ndi komwe kumang'amba mwala. Njirayi imathandiza kwambiri pa thanthwe lafulati ndi pa mwala waukulu wosasunthika.

1. Lambulani udzu wonse mamita osachepera atatu mozungulira kuti moto usalowe m'tchire.
2. Sonkhani moto pamalo pomwe mukufuna kuti pang'ambike, makamaka pafupi ndi m'mphepete kapena pa mng'alu. Moto wa mzere umagwira bwino kusiyana ndi mulu umodzi waukulu.
3. Usiyeni uyake kwa maola angapo. Mudzamva mwala ukuthetheka.
4. Kankhirani makala patsogolo ndi mtengo wautali, mugogode pomwe panali moto kuti mumve ngati patalikana.
5. Mwala ukazizira, lowetsani chitsulo chotukulira mu mng'alu ndi kutukula.

Ena amathira madzi ozizira pa mwala wotentha kuti usweke msanga. Izi zimatheka, koma zimatulutsa zidutswa zosalongosoka, ndipo nthunzi ndi tizidutswa zimawotcha. Ngati mukuthira, imani patali ndipo valani magalasi. Musasonkhe moto pa miyala yonyowa ya mumtsinje chifukwa imatha kuphulika.

Moto umadya nkhuni zambiri, choncho ugwiritseni ntchito pokhapokha njira zina zikakanika. Sonkhani nthambi zouma, zitsa zakale ndi zitsononkho. Musadule mitengo yaiwisi, ndipo mapesi asiyeni m'munda kuti aphimbe nthaka. Musawotche matayala: utsi wake ndi wapoizoni kwa inu, ana ndi ziweto.

Njira yachiwiri: zitsulo zong'ambira

Njira iyi ndi yomwe imatulutsa miyala yowongoka bwino yomangira.

1. Lembani mzere ndi khala motsata mizere ya mwala. Yesetsani kugawa mwala pakati, chifukwa mng'alu umakhotera kumbali yopepuka.
2. Gobani timaenje pa mzerewo ndi tchizulo yansonga. Tizitalikirana masentimita 10 mpaka 15, ndipo tikhale takuya masentimita 5 mpaka 8. Zungulizani tchizulo pang'ono mukamenya kamodzi kalikonse kuti isakakamire.
3. Ikani chong'ambira m'kadzenje kalikonse. Nsonga yake isagunde pansi pa dzenje, koma igwire m'mbali. Kuika tizitsulo tiwiri topyapyala m'mbali mwake kumathandiza kuti chisadumphe.
4. Menyani chimodzi ndi chimodzi, kamodzi kapena kawiri, kuchokera kumapeto ena mpaka ena, kenaka yambiraninso. Musakhomerere chimodzi chokha.
5. Mvetserani. Zitsulo zikamalimba, kulira kwake kumakwera. Pumulani mphindi zingapo kuti mng'alu uyende wokha. Kulira kukasintha n'kukhala kogonthera, mwala wang'ambika.

Ngati mulibe zitsulo, khomani mitengo youma kwambiri mu mng'alu womwe ulipo kale, muithire madzi kawirikawiri. Mitengo ikafufuma imakulitsa mng'alu. Njirayi imachedwa ndipo imagwira bwino pa miyala yofewa kapena yong'aluka kale.

Kudula ndi kusema

Ikani mwala pa mchenga kapena pa dothi lofewa kuti usadumphe. Lembani mzere, kenaka dutsani pa mzerewo ndi tchizulo yotambalala mopepuka kangapo, mbali zonse, musanamenye mwamphamvu. Pochotsa zotumphuka, pendeketsani tchizulo yansonga ndipo muzisema kuchokera m'mphepete kupita pakati kuti ngodya isabenthuke. Pa ntchito za kumunda musataye nthawi kusalaza mbali zonse. Mwala ukakhala ndi pansi pokhazikika ndi nkhope imodzi yowongoka, wakwanira.

Pofuna mphero, sankhani mwala wolimba, wafulati, wosanyenyeka. Gogodani pamwamba pake ndi tchizulo yansonga kapena nsangalabwi mpaka pakhale polowa pang'ono ndi pokhakhala. Chitani chimodzimodzi ndi mwanamphero. Perani gaga kawiri kapena katatu ndi kumutaya musanaperepo mawere kapena mapira odya. Mphero ikasalala, igogodeninso.

Kugwiritsa ntchito miyala m'munda

Mizere ya miyala: Pemphani mlangizi kapena mlimi wachitsanzo kuti akuthandizeni kupeza mzere wopingasa chitunda, monga mumachitira poika akalozera. Kumbani kangalande kakuya masentimita 5 mpaka 10 ndi kotambalala masentimita 35 mpaka 40. Ikani miyala ikuluikulu pansi ndi kumbali yakumunsi, ing'onoing'ono kumbali yakumtunda, mpaka mzere utalike masentimita 25 mpaka 30. Madzi amadutsa pang'onopang'ono koma dothi ndi manyowa zimatsalira. Malo akakhala otsetsereka kwambiri, mizere iyandikane. Bzalani vetiva motsata mzerewo kuti ulimbe. Alimi a ku Yatenga m'dziko la Burkina Faso akhala akubwezeretsa nthaka yoguga ndi njira imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Zotchinga m'zigwembe: Yambirani kumtunda kwa chigwembe. Khoma lisapitirire mita imodzi, lilowe m'makoma onse awiri a chigwembe, ndipo pakati pake pakhale potsika kuti madzi azidutsira pamenepo. Yalani miyala yafulati kumunsi kwake pomwe madzi amagwera, apo ayi madzi adzakumba pansi ndi kugwetsa khomalo.

Makoma ndi maziko: Mwala umodzi uzikhala pamwamba pa iwiri, kuti mipata isayang'anizane. Utali wa mwala uzilowa m'kati mwa khoma. Khoma likhale lotambalala pansi ndi locheperako pamwamba, ndipo dzazani mipata ndi tizidutswa totsala.

Dzitetezeni

- Fumbi la miyala limayambitsa matenda a m'mapapo otchedwa silicosis. Matendawa sachizika ndipo amachititsa kuti munthu adwale TB mosavuta. Nyowetsani mwala musanagobe, imani kumbali yomwe mphepo ikuchokera, ndipo valani chotchinga fumbi. Nsalu wamba siletsa fumbi losalala kwambiri. Mukamatsokomola kwa masabata awiri, pitani kuchipatala.
- Ana asakhale pafupi ndipo asagwire ntchito yoswa miyala.
- Musakumbe kunsi kwa mwala waukulu, ndipo pamalo otsetsereka musaime kumunsi kwa mwala womwe ukutukulidwa.
- Miyala yolemera ikunkhunizeni pa mitengo kapena nyamulani awiri. Pindani mawondo, osati msana.
- Yang'anani njoka ndi zinkhanira musanapise dzanja pansi pa mwala.

Komwe simuyenera kutenga miyala

Musachotse miyala m'magombe a mitsinje, pa akasupe, kumanda kapena m'nkhalango zotetezedwa. Musasonkhe moto kapena kuswa matanthwe okhala ndi zojambula zakale, monga a ku Chongoni m'boma la Dedza, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Ngati malowo si anu, yambani mwapempha a mfumu. Ngati mukufuna kumagulitsa miyala ya kwale, funsani ku ofesi ya DC za chilolezo.

Nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi mukangomaliza kukolola, kuyambira Juni mpaka Seputembala, kunja kusanatenthe kwambiri. Yambani ndi miyala yomwe ili kale pamtunda m'munda mwanu, ndipo muswe ikuluikulu pokhapokha yotolayo ikachepa. Konzani kuti mizere ndi zotchinga zonse zikhale zitatha mvula yoyamba isanagwe, ndipo mvula yaikulu ikagwa pitani mukaone ndi kubwezera miyala yomwe yasuntha.