Kuyambiranso

Ku Kapondo, m'boma la Mchinji, mvula ikakata kenako n'kubweranso amati yayambiranso. Tsinde la mawuwa ndi "kuyamba", koma pa nkhani ya matenda ka "-nso" kakumapetoko n'komwe kamadula mtima: chimene chinaoneka ngati chatha chadzukanso.

Khansa ya m'magazi yotchedwa chronic myeloid leukemia imatha kuyambiranso mobisala. Gwero lake ndi Philadelphia chromosome, imene Peter Nowell ndi David Hungerford anaitulukira mu 1960. Chiyambire 2001, mapiritsi a imatinib akhala akugonjetsa khansayi m'magazi ndi m'mafuta a m'mafupa. Tsoka ilo, mankhwalawa salowa bwino mu ubongo, choncho mwa apo ndi apo khansayi imakaphukira kumeneko magazi akuoneka abwinobwino. Mutu umawawa osaleka, munthu amasanza, maso amachita chidima. Madokotala amayeza madzi a mumsana, amasinthira wodwala ku dasatinib, amene amafika ku ubongo, ndipo amabaya methotrexate kapena cytarabine m'madzi a mumsanawo.

Wodwala wa ku Kapondo amadzera kuchipatala cha Mchinji asanatumizidwe ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Chodetsa nkhawa n'chakuti mutu woterewu n'kosavuta kuuyesa wa malungo, masiku n'kumapita.