Galasi la pa Njinga Yamoto ndi Diso la Ng'ala

FUNSO: Ndine mlangizi wa zaulimi kuno kwa Lundu, m'boma la Chikwawa. Njinga yanga yamoto ndi ija yaitali, yoyenda pa tala ndi m'tchire momwe. M'mawa ndimakhala m'misewu yafumbi ya ku Mbewe, madzulo ndili pa M1 kuchokera ku Nchalo, ndipo mphepo, phulusa la nzimbe ndi tizilombo zandikwana. Ndikufuna kuika galasi lotchinga mphepo. Anzanga akuti ndigule lalitali lopitirira mutu. Kodi akunena zoona? Nanga chinthu chimenechi anayambitsa ndani?

YANKHO: Zikomo bambo mlangizi. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, poti ndilo landikhazika pansi.

Cha m'ma 1920, okwera njinga zamoto ku Ulaya ndi ku America anali atayamba kale kumangirira chinsalu chokhuthala kutsogolo, chokhala ndi kazenera ka celluloid. Celluloidyo sinkachedwa kuchita chikasu, inkakalika, ndipo ikangonunkhiza moto inkayaka. Pali nkhani imene anthu amaikonda, ya Mfalansa wina, Édouard Bénédictus, amene akuti mu 1903 anagwetsa botolo la mankhwala koma silinamwazike, n'kutulukira pomwepo galasi losavulaza. Nkhaniyo ndi yokoma m'khutu, koma chiphaso cha umwini iye analandira mu 1909, pamene loya wina wa ku Swindon ku England, John Crewe Wood, anali atalembetsa kale galasi lomatamata lotere mu 1905. Komanso limenelo ndi galasi la galimoto. La pa njinga yanu ndi la pulasitiki, ndipo mzere wake ndi wina.

Mu 1933 katswiri wa ku Germany, Otto Röhm, analembetsa dzina loti Plexiglas la pulasitiki yowala mbee yotchedwa acrylic. M'zaka zomwezo kampani ya ICI ku Britain inatulutsa yake, n'kuitcha Perspex. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, pulasitiki imeneyi ndiyo inkaphimba woyendetsa ndege za Spitfire ndi Hurricane, ndipo nkhondo itatha inafalikira mpaka pa njinga zamoto. Mnzake wolimba kwambiri, polycarbonate, anabwera mu 1953, atamutulukira Hermann Schnell ku kampani ya Bayer ndi Daniel Fox ku General Electric.

Tsono mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali mtima wanga.

Pa 15 Ogasiti 1940, woyendetsa ndege ya Hurricane dzina lake Gordon Cleaver ananyamuka mothamanga kukakumana ndi adani, magalasi a m'maso ataiwala. Zipolopolo zinaphwanya chiphimbo cha Perspex chija, tizidutswa take n'kumulowa m'maso onse awiri. Anatsika ndi parachuti asakuona bwino. Diso lakumanja linafa, lakumanzere madokotala analipulumutsa atachita maopaleshoni ambiri. Dokotala wina wa maso ku London, Harold Ridley, ankaona asilikali ovulala motere, ndipo anazindikira chinthu chimene anzake sanachilabadire. Diso ndi chiwalo chosafuna mlendo: kachitsotso kakalowa, limafiira, limatupa, limachita mafinya. Koma tizidutswa ta Perspex tinkangokhala m'menemo zaka, diso osalimbana nato.

Masiku amenewo wodwala ng'ala ankamuchotsa kagalasi kachilengedwe ka m'kati mwa diso kamene kachita mtambo, osaikamo china. Munthuyo ankatsala akudalira magalasi okhuthala kwambiri, ndipo akasweka kapena kutayika, khungu linkabwerera. Nkhondo itatha, wophunzira udokotala wina ataonerera opaleshoni yotere anafunsa Ridley ngati abwezeremo kagalasi kena. Funso la mwana wasukulu, koma linamukumbutsa maso a asilikali aja. Anagwirizana ndi kampani ya Rayner kuti imusemere kagalasi ka Perspex yoyeretsedwa, ndipo pa 29 Novembala 1949, pa chipatala cha St Thomas', anachita opaleshoni yoyamba yoika kagalasi kopanga anthu m'diso la munthu.

Akuluakulu a ntchito yake anamukana kwa zaka zambiri. Ankati ntchito ya dokotala ndi kuchotsa zinthu m'diso, osati kuikamo. Ulemu woti Sir anaulandira mu 2000 ali ndi zaka 93, n'kumwalira chaka chotsatira, iye mwini ali ndi timagalasi take tomwe m'maso onse awiri. Ridley yemweyu, pa nthawi ya nkhondo, anatumizidwa ku Gold Coast, kumene lero timati Ghana, ndipo kumeneko anafufuza matenda a khungu ofalitsidwa ndi tintchentche ta m'mitsinje, omwe aja avutitsanso abale athu a ku Thyolo. M'ma 1990 mafakitale a Aurolab ku India ndi a Fred Hollows ku Eritrea ndi ku Nepal anayamba kupanga timagalasiti motchipa, ndiye chifukwa chake tinafika ndi kwathu kuno. Agogo a kwa Lundu amene anakwera phiri kupita ku chipatala cha maso cha Lions ku Blantyre atagwiridwa dzanja, n'kubwerako akuwerenga okha mbuzi zawo, m'diso mwawo muli pulasitiki ya mtundu womwewo ndi acrylic ya magalasi a pa njinga. Ine ndikanakhala wolemba mabuku a sukulu, nkhani iyi ikanakhala m'buku la sayansi la Sitandade 7, chifukwa ikuonetsa ana kuti kuyang'anitsitsa ndi kufunsa ndiyo sayansi yeniyeniyo.

Tibwerere kwa anzanu aja. Akulakwitsa, ndipo ndikudziwa kumene anatengera maganizo amenewa: zithunzi za mpikisano wa Dakar. Njinga za kumeneko zili ndi galasi loima chilili, koma ntchito yake yaikulu ndi kuphimba zida zolozera njira zimene zili kumbuyo kwake. Mpikisano woyamba, umene unanyamuka ku Paris mu Disembala 1978, Cyril Neveu anapambana pa Yamaha XT500 yopanda chigalasi choterocho, nadutsa nayo chipululu cha Sahara.

Galasi lalitali lili ndi milandu yambiri m'chigwa chathu. Likapitirira maso ndiye kuti mukuyang'ana kudzera m'menemo, ndipo likadzala fumbi kapena ngumbi za mvula yoyamba, nyali za thiraki ya nzimbe zikaliomba usiku, simuona ngolo, ng'ombe kapena mwana ali m'mbali mwa msewu. Njinga yamtundu wanu, kuyambira pa Yamaha DT-1 ya 1968, anaipanga kuti pokumbika muziimirira pa zopondera. Mukagwa m'dzenje muli chiimire, m'mphepete mwa galasi lalitali mumakupezani pachibwano kapena pakhosi. Likakhala lomangidwa ku mahandulo, mphepo ya mwera kapena ya basi yodutsa imalikankha, nalonso n'kukhotetsa tayala lakutsogolo. Ndiye pali kutentha. Mu Okutobala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo kamphepo ka pachifuwa ndiko kamene kamakusungani. Mukatsekereza konse, mwadziphika nokha.

Phindu la galasi limaoneka pa tala. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo imawirikiza kanayi. Pa makilomita 80 pa ola imakukankhani kanayi kuposa pa 40. M'misewu ya kumudzi, kumene mumayenda pang'onopang'ono, silikuthandizani zambiri. Choncho gulani lalifupi, loyera, losapaka utoto wakuda. Ngati ilipo, sankhani polycarbonate, chifukwa njinga ikagwa imapindika pamene acrylic imang'aluka.

Musanataye ndalama, dulani katoni, muimangirire bwino ndi kuyesa pa liwiro lochepa. Khalani mmene mumakhalira masiku onse: nsonga ya galasi ikhale pakati pa chifuwa ndi chibwano, ndipo muziona msewu pamwamba pake kuyambira mamita 15 kutsogolo. Lipendeke motsata mafoloko. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa nyali kuti mpweya uzilowa pansi. Mukapanda kutero, mphepo imazungulira kuseri kwa galasi monga amachitira madzi a Shire kuseri kwa mzati wa mlatho wa Kamuzu, ndipo helemeti imanjenjemera mpaka mutu kuwawa. Ikanjenjemera, tsitsani galasi kapena sinthani kupendeka kwake pang'ono pang'ono. Nthawi zambiri kufupikitsa ndiko kumathetsa vutoli. Pindani mahandulo mbali zonse muone ngati silikukola nthambo za buleki ndi kilatchi. Pa mabawuti ikani timawashala ta labala, ndipo musamange ndi ukali, chifukwa mng'alu umayambira pabowo.

Galasi limeneli ndi la chifuwa, si la maso. Maso amatetezedwa ndi galasi la helemeti kapena magalasi ovala, amene Cleaver anasiya pansi tsiku lija. Zimandipweteka kuona anyamata a kabaza pa Nchalo ndi pa Dyeratu akuyenda madzulo atatsinzina, maso ali psuu, misozi ikutsika, atanyamula mayi ndi khanda. Eni njinga amene amalandira ndalama madzulo alionse ayenera kuwagulira helemeti yokhala ndi galasi loyera asanagule zomatamata zokongoletsera.

FUNSO: Galasi la pa njinga yanga ya kabaza lachita chifunga. Anzanga akuti ndipukute ndi petulo. Ndine wa pa Nchalo.

YANKHO: Ayi achimwene, petulo, sipiriti ndi thina musaziyandikize, zimadya pulasitiki, makamaka polycarbonate, n'kusiya timing'alu tosatha. Chifungacho chabwera ndi kupukuta fumbi louma ndi mkono wa jekete, poti m'fumbi muli mchenga. Nyowetsani kansalu kofewa, mukayale pagalasi kwa mphindi zisanu kuti tizilombo tofera pamenepo tifewe, kenaka tsukani ndi madzi ambiri ndi sopo wochepa. Ngati lachita kale chikasu ndi dzuwa kapena mng'alu wafika pabawuti, limenelo latha. Lichotseni, muyende opanda galasi mpaka mutapeza lina.