Usiku umene makina anaiwala chaka

Pa 1 January 2000, koloko itangodutsa pakati pa usiku, makina oyeza cheza choopsa cha nyukiliya pafupi ndi fakitale ya magetsi ya Shika ku Ishikawa, m'dziko la Japan, anasokonekera. Akuluakulu anati panalibe choopsa. Koma mitima inali kale m'mwamba, pakuti pa 30 September 1999 ku Tokaimura kunachitika ngozi ya nyukiliya yomwe pambuyo pake inapha antchito awiri.

Gwero la vutoli n'lakale. M'zaka za m'ma 1960 malo osungira zinthu m'kompyuta anali okwera mtengo zedi, choncho akatswiri ankalemba chaka ndi manambala awiri okha: 68 m'malo mwa 1968. Chitakwana chaka cha 2000, makina ena anawerenga 00 ngati 1900.

Mwina mufunsa: tsiku lili ndi ntchito yanji pa makina oyeza cheza? Ili nayo, abale. Mphamvu ya zinthu zotulutsa cheza imanka ichepa ndi nthawi. Cobalt-60 imataya theka la mphamvu zake m'zaka zisanu ndi miyezi itatu, caesium-137 m'zaka pafupifupi 30. Pofuna kutsimikiza kuti makina akuyeza molondola, amawayesera pa kachidutswa kodziwika mphamvu, ndipo kompyuta imawerengera zaka zomwe kachidutswako kakhala. Chaka chikalakwika, masamu onse alakwika, ndipo wantchito akhoza kukhulupirira nambala yabodza.

Kugula makina atsopano kunali kodula, ndiye ambiri anasoka zigamba. Ena anauza kompyuta kuti manambala oyambira 00 mpaka 19 iziwatenga ngati zaka za m'ma 2000, otsalawo za m'ma 1900. Ena anangobweza koloko ku 1972, chaka chomwe kalendala yake imafanana ndendende ndi ya 2000. Pamenepo makina ankayenda, koma deti ya pa malipoti inkafunika kuikonza pamanja.

Zigambazo zinapulumutsa ndalama zambiri ndithu, komatu mlandu suwola. Mu 2020 makompyuta ena osokedwa chigamba choyamba chija anabwerera ku 1920. Ndipo pa 19 January 2038 makina akale owerenga masekondi kuchokera mu 1970 adzafika pamapeto a nambala zawo. Wosoka chigamba azilemba m'buku chaka chomwe chidzang'ambike, chifukwa iye adzapuma pantchito makinawo akuyezabe.